Botolo la Gelesomu

A Mwale, mlembi wa seshoni ya mpingo wathu wa Amalawi muno mu Glasgow, akhala akuuza anthu pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero kuti ine ndinaimba gitala m'mphepete mwa msewu ku Mangalande, odutsa n'kumandiponyera makobidi m'chipewa. Ena akuti mlamu wanga Gelesomu anamwalirira m'galimoto, ife n'kuwolotsa mtembo pa malire a Mangalande ndi kuno mwachinsinsi. Zonsezi n'zabodza. Mwa anthu atatu amene tinayenda ulendowo, mmodzi anagona ndipo wina alibe nthawi yolemba, choncho ntchito yowongola nkhaniyi yagwera ine. Ndinaphunzira mpaka Fomu 4 pa nthawi imene Fomu 4 inali sukulu, ndipo ndinagwira ukalaliki wa njanji ku Limbe zaka zambiri. Sindilemba chinthu chimene sindinachione.

Gelesomu anali mlongo wake wa malemu mkazi wanga, Esinati. Anayamba kuimba ali mnyamata kwathu ku Chiradzulu, mwa njira imene akale ankaitcha hauyani: gitala amaligoneka chagada pamiyendo, dzanja lamanja likukodola nsambo, lamanzere likuyendetsa kabotolo pamwamba pa nsambozo, ndipo gitala limalira ngati munthu. Atakula anayamba kuimba m'mabala a ku Ndirande ndi ku Limbe, ndipo mpingo wa kwathu unamudula. Mlembi wa seshoni imene inamudulayo ndinali ine. Dzina lake ndinalilemba ndi dzanja langa m'buku la odulidwa.

Patapita chaka, apongozi anga, mayi ake a Gelesomu, anamwalira. Iye anabwera ku maliro ndi gitala kumsana, napempha kuti aperekeze nalo nyimbo imodzi yokha ya m'buku imene mayi akewo ankaikonda. Ndinamukaniza ine, pakhomo la siwa, anthu akuona. Anachoka maliro asanaikidwe, ndipo ku Malawi sanapondekonso.

Za moyo wake wa pambuyo pake ndinkangozimva m'makalata amene ankalembera Esinati. Anaimba ku Harare, anaimba ku Joni, kenaka anapeza ntchito ya kukhitchini m'sitima ya pamadzi imene inamutula kuno. Anakhala ku Gorbals muno mu Glasgow, ndipo kumeneko azungu anamuuza kuti zimene ankaimba chiyambire ku Ndirande zili ndi dzina, ati ndi blues. Anaimba m'mabala ndi m'maholo a dziko lino lonse, mwina m'Chingerezi, mwina m'Chichewa, ndipo anajambula zimbale ziwiri. Anakwatira mayi wa kuno, banja silinakhalitse, mwana panalibe. Pamene ine ndinabwera kudzakhala ndi mwana wanga Tiyamike, amene ndi namwino pa chipatala chachikulu pafupi ndi Govan, dera limene timakhala, n'kuti Gelesomu atasamukira kale ku Hull, ku Mangalande. Tinali m'dziko limodzi zaka zisanu ndi ziwiri osaonana.

Tsiku lina Tiyamike anabwera kuchokera kuntchito nakhala pansi osavula nsapato.

"Ababa, aimba foni a kunyumba yosungira okalamba ku Hull. Amalume anadwala sitiroko, dzanja lamanzere linafa, ndipo mtima ukutha mphamvu. Madokotala akuti ndi masabata chabe."

"Ndiye akufuna chiyani?"

"Akuti tikawatenge, adzafere ku Glasgow. Ndiye akuti..." Anandiyang'ana kaye. "Akuti asaikidwe chete ngati mbuzi. Akufuna nyimbo."

Ana obadwira kuno sangamvetse kulemera kwa pempho limeneli. Kwathu munthu wodulidwa akamwalira asanabwezeredwe, mpingo suimba pa maliro ake, ndipo abusa saimapo. Lamulo limeneli tinawoloka nalo nyanja pamodzi ndi mabuku athu a nyimbo. Nditaitula nkhaniyi kwa akulu anzanga, anagwirizana kuti mkulu wa mpingo mmodzi akamve kuchokera pakamwa pa mwiniwake kuti walapa, ndipo seshoni ya Lamulungu lotsatira idzamubwezera. Anatuma ine. Ndinanyamuka, tsono, kukatenga zinthu ziwiri: munthu, ndi liwu limodzi lakuti "ndalapa".

Tiyamike anali pa shifiti mpaka Lachitatu, choncho ndinatsogola ndekha Lachiwiri m'mawa pa basi yochokera pa siteshoni ya Buchanan. Amene akunena kuti ndinayenda ulere akunama. Khadi langa la okalamba ndinalionetsa, koma dalaivala anandiuza mwaulemu kuti ku Mangalande silidziwika, ndipo ndinalipira ngati mnyamata. Ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wa ku Paisley amene ankapita kukaona mdzukulu wake wakhanda. Anandionetsa zithunzi za khandalo kuchokera ku Hamilton mpaka ku Carlisle, ndipo chinali chithunzi chimodzimodzi cha mwana wogona. Atafunsa kumene ndinkapita, ndinati ndikukaona mlamu wanga wodwala.

"Mumagwirizana kwambiri eti?" anatero.

Ndinayang'ana pawindo. Anandipatsa theka la sangweji yake, ndipo sanafunsenso.

Ku Leeds tinafika mochedwa chifukwa cha ntchito ya pamsewu, basi ya ku Hull n'kuti itapita. Ndinadikira maola awiri pa benchi yachitsulo, ndikubwereza mumtima mawu amene ndinakonza. Ndinali nditasankha ndi mavesi omwe.

Ndinamupeza m'chipinda chaching'ono choyang'ana kumene amaimika magalimoto. Pakhoma panali zikwangwani zakale zolengeza madansi, pena pali chithunzi cha munthu wamapewa aakulu atavala chipewa chakuda. Pa mpando pansi pa zikwangwanizo panali kamunthu kouma, dzanja limodzi lili pamiyendo ngati la wina. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Alamu," anatero. Mawu ake ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa. "Mwabwera nalo buku lija?"

"Muli bwanji, alamu?"

"Ine ndili monga mukundioneramu. Koma inu mwakalamba moipa. Achemwali anga ankakudyetsani chiyani?"

Apa ankanena Esinati. Kenaka anayamba kufunsa za anthu a kwathu mmodzimmodzi, ndipo pa mayina khumi amene anatchula, amoyo anali awiri.

Nkhani imene ndinadzera ndinaiyamba m'mawa mwake. Ndinafotokoza chigamulo cha akulu bwinobwino, ndi mavesi ake. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mowa ndinalapa kalekale," anatero. "Chiwindi chinandilalikira kuposa abusa. Mkazi uja ndinamulakwira, ndinamupepesa asanamwalire. Mabodza, ukali, zonsezo lembani, ndikuvomera. Koma gitala ayi. Gitala silinalakwe."

"Koma munadulidwa chifukwa cha gitala, alamu. Chimene seshoni ikufuna kumva n'chimenecho."

"Ndiye seshoni idikire."

Tiyamike anafika madzulo a tsiku lomwelo ndi galimoto yake. Anagwada pafupi ndi mpando wa amalume ake, amene anali asanawaonepo chibadwire, ndipo iwo anamugwira kumaso nati, "Iwe, mphuno iyi ndi ya amayi anga." Zimene zinatsatira sindizilemba.

Lachinayi tinanyamuka nthawi ya eyiti m'mawa. Katundu wa zaka zonse zija anakwana m'masutikesi awiri. Njinga ya odwala tinaipinda n'kuiika kumbuyo, koma pa gitala panabuka mlandu. Gelesomu anakana kuti liikidwe pamodzi ndi masutikesi. Iye tinamukhazika kutsogolo, mpando titaugoneka pang'ono, ndipo gitala linakhala pa mpando wakumbuyo pambali panga, Tiyamike atalimanga lamba ngati munthu.

"Tiyamike, jambula," anatero Gelesomu. "Mkulu wa mpingo wakhala mpando umodzi ndi Satana."

"Amalume, musawapute ababa, ulendo ndi wautali."

Tinaima pa Scotch Corner kuti amwe mankhwala. Dzina la malowo lasokoneza anthu ambiri amene akufotokoza nkhaniyi: malowo ali ku Mangalande, kutali ndithu ndi malire. Kuchokera pamenepo tinalowa msewu wodutsa m'mapiri kulinga ku Penrith. Ndi dziko lopanda mitengo, la nkhosa ndi mipanda yamiyala, ndipo mphepo yake imakankha galimoto. Titatsala pang'ono kufika pa tauni yaing'ono ya Brough, kutsogolo kwa galimoto kunayamba kutuluka nthunzi. Tiyamike anapatukira pa malo oimapo magalimoto akuluakulu, natsegula boneti, ndipo madzi obiriwira anali akuchucha pansi. Paipi ya madzi inali itang'ambika.

Anaimbira anthu okoka magalimoto. Anati afika pakatha ola limodzi ndi theka. Inali nthawi ya leveni.

Pamalopo panali ngolo yogulitsa tiyi ndi mabanzi, mwini wake mayi wonenepa wa tsitsi lofiira. Panalibenso china. Malole ankadutsa, galimoto yathu n'kumagwedezeka. Ola limodzi ndi theka linatha. Tiyamike anaimbanso, anamuuza kuti pachitika ngozi kwina ndipo magalimoto onse okoka apita kumeneko. Anawauza kuti ali ndi wodwala mtima, iwo anati alemba. Ndinamuona akuwerenga kugunda kwa mtima wa amalume ake pa dzanja, maso ali pa wotchi, ndipo nkhope yake sinandisangalatse. Anafuna kuitana ambulansi.

"Ukaitana, anditengera ku chipatala cha kuno, ndipo ndikafera pakati pa nkhosa," anatero Gelesomu. "Ndisiye, mwana wa mlongo wanga. Sindifa lero. Ndikudziwa."

Anapempha kuti timutulutse apume mphepo. Tinamukhazika pa njinga yake kuseri kwa galimoto, kumene mphepo sinkafika kwambiri, titamufunditsa bulangete ndi jekete langa. Ine ndinakhala pa sutikesi. Ndinaona kuti nthawi ikutha, ndipo ndinayesa kachiwiri.

"Alamu, ndi liwu limodzi lokha. Simungalinene chifukwa cha mwanayu, kuti adzaike amalume ake mwaulemu?"

Ankayang'ana nkhosa kutsidya kwa mpanda.

"Tsiku lija munandibweza pa siwa, mukudziwa kumene ndinapita?"

"Anthu ankati munapita ku bala."

"Anthu. Ndinatsikira kudambo kuseri kwa manda, pamene amayi ankalima mpiru. Ndinkamva mukuimba kumtunda. Mutayamba nyimbo ija, ndinaiperekeza ndili komweko, ndekha, achule akumvera." Anapuma kaye, chifukwa mpweya unkamuthera. "Kuyambira tsiku limenelo, paliponse pamene ndaimba, nyimbo yotsekera imakhala imeneyo. Ku Harare, ku Joni, ku Gorbals. Mawu sindinkaimba, gitala lokha. Azungu ankavula zipewa, ati imeneyo ndiye blues yeniyeni, ena n'kumalira ndi mowa m'manja. Sankadziwa kuti ali pa maliro. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuika amayi anga m'mabala a eni ake, alamu, chifukwa inu munandikaniza kuwaika kwathu. Ndiye mukuti ndinene kuti chimenecho chinali tchimo?"

Mavesi amene ndinakonza pa benchi ya ku Leeds anandithawa onse.

"Tiyamike," anaitana, "tanditengera mnzanga uyo."

Tiyamike anamasula gitala nalitulutsa m'chikwama chake. Linali lakale, lopekesedwa ndi zala mpaka thabwa kuyera. Analigoneka pamiyendo pa amalume ake, ndipo iye mwini anagwada kumbali kulichirikiza kuti lisatsetsereke. Gelesomu anapisa m'thumba la malaya natulutsa kabotolo kofiirira ka mankhwala a chifuwa, ka mtundu umene tinkagula m'magolosale a ku Limbe tili anyamata. Anakayang'ana, nayang'ana dzanja lake lakufa lija. Kenaka anandiyang'ana ine.

Ndikufuna a Mwale awerenge bwino ndime ino. Sanandipemphe. Ndinatambasula dzanja ndekha.

"Kagonekeni pa nsambo zonse," anatero. "Ayi, musakanikize! Si chidindo cha ku njanji chimenecho. Kangokhudzani basi."

Anakodola nsambo ndi chala chachikulu, ndipo panatuluka phokoso ngati la chitseko chadzimbiri.

"Mayo ine. Fomu 4 yonse ija. Bwererani kumtunda. Tsikani pang'ono. Apo! Imani pomwepo."

Tinayesa kanayi kapena kasanu. Iye ankati "kwerani", "tsikani", "imani", ine n'kumatsatira ngati mwana wa Sitandade 1. Mphepo inali itandizizira chifukwa jekete linali pa iye, ndipo dzanja langa linkanjenjemera. Ndinapepesa.

"Musapepese. Kunjenjemerako ndiye kumene kumafunika. Ine ndinakuphunzira zaka zitatu, inu ukalamba wakupatsani ulere."

Ndipo mosayembekezera nyimbo ija inatuluka. Inali yopunduka, yodukizadukiza, koma inali yomweyo, imene apongozi anga ankaimba akupeta mpunga pakhonde. Kabotolo kakatsetsereka kupita pa liwu lotsatira, gitala linkadandaula ndendende ngati mayi wachikulire amene mawu akumuthera pakati pa mzere. Ndinali ndisanamvepo mlamu wanga akuimba. Ndinamudula, ndinamubweza pa siwa, ndinakana kumvera zimbale zimene ankatumizira Esinati, ndipo ndinali ndisanamumvepo.

Pa ndime yachiwiri ndinazindikira kuti ndikuimba mawu ake, besi, monga ndinkaimbira m'kwaya. Tiyamike ankalira mwakachetechete, manja ali pa gitala. Gelesomu sanaimbe. Anatseka maso, chala chikugwira ntchito.

Titamaliza, mayi wa tsitsi lofiira uja anabwera ndi makapu atatu a tiyi. Ndinapisa m'thumba, iye anakana ndi mutu nabwerera ku ngolo yake. Makobidi a m'chipewa a a Mwale ndi amenewo.

Galimoto yokoka inafika itangokwana fili koloko. Mpando wake unali pamwamba kwambiri, ndipo tinachita kumunyamula Gelesomu, ine ndi dalaivala. Ndinakonzekera kulemera, koma anali wopepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Ku Penrith makaniko anati paipi yotero alibe, aitanitsa ku Carlisle. Tinadikiranso maola awiri ndi theka m'kachipinda konunkha mafuta, momwe munali mipando itatu ndi kalendala ya chaka chatha. Gelesomu anagona, mutu uli paphewa panga. Sindinasunthe, ngakhale mwendo unachita dzanzi. Ndikanatha kumufunsa kachitatu atadzuka. Sindinamufunse.

Tinanyamuka cha m'ma sikisi, dzuwa la chilimwe cha kuno likadali pamwamba. Pa Gretna, pamene pali chikwangwani cha malire, anali maso ndipo anali wamoyo. Anakweza dzanja lamanja nati, "Odi, eni mudzi." Pa Lockerbie anagonanso. Anadzuka tikulowa mu Glasgow, napempha kuti tidzere ku Gorbals. Tiyamike anazungulira misewu itatu pang'onopang'ono. Ponseponse panali nyumba zatsopano zosanjikizana.

"Apa panali bala limene ndinaimbamo zaka khumi ndi chimodzi," anatero, akuloza malo oimika magalimoto. Anayang'anitsitsa. "Kapena panali apo. Tiyeni, ndatopa."

Anakhala nafe ku Govan usiku uwiri. Loweruka m'mawa, Tiyamike akumupukuta kumaso, anatisiya.

Seshoni inakumana Lamulungu monga inakonzera, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi chimene timabwereka. Abusa atatsegula ndi pemphero, a Mwale anatsegula buku, cholembera chili m'manja.

"A Matewere, munatumidwa. Funso ndi limodzi. Kodi malemuwa analapa?"

Mboni inali imodzi yokha. Tiyamike sakanandiulula. Ndikanati "inde", a Mwale akanalemba, amayi a mpingo akanavala zoyera, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Ndinaliganizira bodza limenelo usiku wonse, ndipo sindibisa kuti ndinalowa nalo m'chipindamo lili pamilomo. Koma kunena kuti analapa kukanakhala kumubweza pa siwa kachiwiri, iye atagona, osatha kudziyankhira.

"Analapa zambiri," ndinatero. "Gitala sanalape. Ndinamufunsa kawiri, anakana kawiri. Kachitatu ndinamugwirira botolo pamene ankaimba, chifukwa dzanja lake linali lakufa, ndipo ine ndinaimba naye. Nyimbo yake inali ya m'buku lathu lomweli. Amene analakwa pa maliro a mayi ake ndine. Ngati m'bukumo muli malo, a Mwale, lembani dzina langa pansi pa lake."

"A Matewere, musatiike pa mpanipani. Lamulo mumalidziwa kuposa tonsefe."

"Ndimalidziwa. Ndinalilemba ndi dzanja ili."

Anandipempha kuti ndituluke. Ndinakhala pa benchi m'khonde kwa ola lathunthu, ndikumva mawu akukwera ndi kutsika kuseri kwa chitseko. Chigamulo chinali chakuti Gelesomu sangabwezeredwe, popeza wakufa salowa kalasi ya olapa. Mwambo wa m'tchalitchi sudzakhalapo, amayi sadzavala zoyera. Koma abusa anati iwo adzapita kumanda ngati mnansi, ndipo Akhristu amene afuna akhoza kuimba nyimbo imodzi. Imodzi yokha. Dzina langa sanalilembe. Ukulu wa mpingo ndinautula ndekha sabata yotsatira, ndipo amene akuti ndinachotsedwa akafunse abusa.

Tinamuika tsiku lamvula. Amalawi tinalipo khumi ndi anayi. Kunabweranso azungu okalamba asanu ndi mmodzi amene sitinawaitane, ena ndi ndodo, atamva kwa anzawo kuti woimba wa ku Gorbals uja wapita. Tiyamike anaimika gitala pa mpando pafupi ndi dzenje, atalifunditsa ambulera. Nyimbo ndinaiyambitsa ine. Titafika pakati pa ndime yoyamba ndinaona azungu aja akuyang'anana, kenaka mmodzi anavula chipewa, enawo n'kutsatira. Mmodzi anandigwira mkono pambuyo pake nati sankadziwa kuti nyimboyo ili ndi mawu.

Gitala lili m'chipinda cha Tiyamike. Kabotolo kali m'thumba la jekete langa la Lamulungu, ndipo ndikakhala pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi, kumene ndimakhala masiku ano, ndimakamva kakundigunda m'nthiti.

Choncho a Mwale asiye kunena kuti ndinaimba gitala. Akundipatsa ulemu umene si wanga. Woimba anali Gelesomu. Ine ndinangogwira botolo, ndipo ndinachedwa nalo zaka makumi anayi.